Ndalama za angel investor si ngongole, komanso si mphatso

Wachinyamata wa ku Mchinji amene ali ndi kamakina kopera chiponde, maoda atayamba kumuchulukira, akapita ku banki amakamufunsa chikole. Nyumba alibe, munda ndi wa makolo. Katapila ndiye tisatchule n'komwe. N'chifukwa chake nkhani za ma angel investor ndi crowdfunding zafika m'kamwa mwa ambiri, ndipo pa ntchito yanga yowerengera ndalama zamakampani ndimaona kuti ambiri amaziyesa thandizo laulere.

Angel investor ndi munthu woika ndalama za m'thumba mwake m'kampani yongoyamba kumene, kawirikawiri wabizinezi amene anakhazikika kale. Iye sakongoza, amagula masheya. Kampani ikagwa, ndalama zake zalowa m'madzi, sangabwere kudzakulandani njinga. Koma ikakula, gawo lake limakula nayo, ndipo simungamuchotse pongomubwezera zimene anaika.

Pagona nkhani ndi pa masamu. Tiyerekeze mukufuna K10 miliyoni yogulira makina aakulu ndi mtedza pa nthawi yokolola, mtengo usanakwere. Iye akuti mumupatse 20 peresenti. Mukavomera, ndiye kuti nonse mwagwirizana kuti kampaniyo, ndalama zake zikalowa, ndi ya K50 miliyoni. Akafuna 50 peresenti pa ndalama yomweyo, thukuta lanu lonse waliika pa mtengo wa K10 miliyoni basi, ndipo palibenso chimene mungagamule panokha. Komanso ndalama zoyamba sizikwana. Wina akadzabwera n'kutenga 25 peresenti, gawo lanu la 80 lija lidzatsika kufika pa 60. Kugulitsa gawo lalikulu pa tsiku loyamba kumapweteka pa chaka chachitatu.

Ngati ndalamazo zikuchokera kunja, lembani momveka kuti mukuwerengera m'madola kapena m'makwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo pangano losamveka pa mfundoyi limadanitsa anthu.

Musanayambe kusaka munthu wotere, kampani ikhale ilipo mwalamulo. Mu 1998 angel investor wina, Andy Bechtolsheim, analemba cheke cha madola 100,000 m'dzina la Google Inc. kampaniyo isanalembetsedwe, ndipo eni ake anayenera kuyamba ailembetsa kuti chekecho chilowe ku banki. Kuno n'chimodzimodzi. Kungolembetsa dzina la bizinezi sikukupatsani masheya ogulitsa. Pamafunika kampani ya limited, nambala ya msonkho (TPIN) ya ku MRA ndi akaunti yakeyake. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba imene makasitomala amalipirirapo isakhale yomweyo yogulira ndiwo kunyumba. Woika ndalama amakhulupirira kabuku kosonyeza zimene mwagulitsa mwezi ndi mwezi kuposa maloto olembedwa bwino.

Crowdfunding ndi kusonkhanitsa ndalama pang'onopang'ono kwa anthu ambiri, ngati perekaniperekani wa paukwati, kungoti amachitikira pa intaneti. Webusaiti ya crowdfunding ya Kickstarter, yomwe inayamba mu 2009, ili ndi lamulo lakuti mukalephera kufika pa ndalama imene munatchula, simulandira olo tambala. Vuto n'lakuti Malawi sali pa mndandanda wa mayiko amene munthu angatsegulireko kampeni yosonkhanitsa ndalama pa Kickstarter kapena pa webusaiti ina yotere ya GoFundMe. Ena amadzera mwa m'bale wa ku London, koma ndalamazo zimafikira mu akaunti yake, choncho pakhale cholembedwa ngakhale ali amalume.

Kwa ine, njira yoyenera wa ku Mchinji ndi kugulitsiratu. Eni mashopu a pa Boma, a pa Kamwendo ndi a ku Lilongwe amene analawa kale chiponde chanu alipiretu makatoni, pamtengo wotsikirako, inu mukagule makina. Simutaya gawo lililonse la kampani, ndipo ma risiti amenewo ndi umboni wamphamvu mukadzakhala pansi ndi angel investor. Koma eni mashopuwo muwauze tsiku lenileni lolandira katundu, poganiziranso kuzimazima kwa magetsi.

Chimene musachite ndi kulengeza pa Facebook kuti aliyense wotumiza K50,000 akhala ndi masheya. Kampani ya private, kutanthauza ya eni ake ochepa ngati yanuyo, siloledwa kugulitsa masheya kwa anthu wamba, ndipo za masheya kuno zimayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi. Ngati ofuna masheya ndi anthu ochepa amene mukuwadziwa, loya alembe pangano la eni masheya lofotokoza amene asayine ku banki, malipiro anu inuyo, ndi zochita wina akafuna kugulitsa gawo lake.