Frankenstein si dzina la chilombo chija

Loweruka lina ndinalowa m'kanyumba koonetsera mafilimu ku Ndirande. Chimunthu chamutu wophwatalala, chazitsulo m'khosi, chitangotulukira, mnyamata wina anakuwa kuti, "Uyo Frankenstein!" Anzake onse anavomereza. Sindinamuseke, nanenso ndinakula ndikuganiza choncho.

Frankenstein ndi wasayansi amene anapanga chilombocho. Nkhaniyi inachokera m'buku la Mary Shelley la mu 1818, momwe mkuluyu ndi Victor Frankenstein. Cholengedwa chakecho sichinapatsidwe dzina n'komwe.

Chisokonezo chinakula ndi filimu ya mu 1931 yotchedwa Frankenstein. Nkhope ya Boris Karloff, yemwe anasewera chilombocho, inakhazikika m'mitu ya anthu, dzina la filimu n'kumamatira pa iye. Wasayansiyo, amene m'filimumo amatchedwa Henry, ndiye amafukula mitembo usiku, kulumikiza ziwalo, kenako kuzipatsa moyo kukung'anima mphezi.

M'buku nkhanza za wasayansiyu n'zina. Cholengedwacho chitangophenya maso, Victor anathawa n'kuchisiya ngati mwana wamasiye. Chinadziphunzitsa chokha kulankhula ndi kuwerenga, ndipo chinayamba kupha anthu atachikana kangapo konse.