Mukufuna ntchito yolemba mapulogalamu? Lekani kutolera masatifiketi

Funso lake ndi lomwelo chaka ndi chaka: "Chiyankhulo chabwino kuyambira ndi chiti, Python, Java kapena JavaScript?" Latikwana. Ena amatha miyezi akufunsa zimenezi, kulowa gulu ili la WhatsApp, kutuluka, kulowa lina, osalemba ngakhale mzere umodzi. Yankho nali ndipo tisabwererenso: ngati mtima uli pa mawebusayiti, yambani HTML ndi CSS kenako JavaScript, ngati uli pa manambala ndi deta, tengani Python. Kulikonse kumene mwapita, SQL (chiyankhulo chofunsira ndi kusungira deta mu database) ndi Git (chida chosunga mbiri ya zonse zimene mwasintha mu pulogalamu) simuzithawa. Chiyankhulo chachiwiri sichivuta mukagwira choyamba, chifukwa mfundo zoyambira monga variable, loop ndi function ndi zomwezo, kalembedwe kokha ndi kamene kamasintha.

Za makina sitichedwapo. Laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito ndi yokwanira bola ikhale ndi RAM ya 8GB, SSD, ndi batire yosunga moto magetsi akathima. Python, VS Code (pulogalamu yolemberamo mapulogalamu) ndi Git ndi zaulere. Wokugulitsani pa flash akukuberani masana. Mabuku ofotokoza Python mungawadawunilode kamodzi n'kumawerenga opanda bandulo, ndipo Git imasunga ntchito yanu ngakhale netiweki palibe.

Vuto lenileni ndi ili: kuonera mavidiyo. Munthu amatsatira mphunzitsi pa YouTube, kukopera zimene akulemba, pulogalamu n'kuyenda, iye n'kumadziona ngati wadziwa. Mutsekereni vidiyoyo, mumpatse tsamba lopanda kanthu, manja amauma. Mankhwala ake ndi kupanga chinthu chanuchanu chimene palibe vidiyo yake. Tengani banki mkhonde ya mayi anu: mayina a mamembala, masheya a sabata iliyonse, ngongole, chiwongoladzanja, ndi zoti aliyense alandira zingati pogawana. Kanthu kooneka kakang'ono, koma taonani kumene mudzapunthwe.

Ndalama mukazisunga ngati float, mtundu wa nambala zokhala ndi kadontho, masamu adzayamba kuphonya. Lembani 0.1 + 0.2 mu Python, yankho libwera 0.30000000000000004, chifukwa kompyuta imawerenga mu binary, manambala a 0 ndi 1 okhaokha, ndipo tizigawo tina sititha kulembedwa ndendende mmenemo. Sungani ndalama m'matambala ngati nambala yathunthu, kapena gwiritsani Decimal, mtundu wa nambala wa mu Python umene umasunga tizigawoti ndendende. Nambala ya foni mukaisunga ngati nambala, ziro wakumayambiriro amasowa, komanso munthu mmodzi adzalembedwa kawiri, poyamba ndi 0999 kenako ndi +265999. Isungeni ngati mawu, m'kalembedwe kamodzi. Ndiye tsiku lina kudzabwera membala wa dzina la Ng'oma kapena M'bwana, pulogalamu yonse n'kugwa. Chifukwa chake n'choti munalumikiza dzinalo mwachindunji mu SQL, ndipo kachizindikiro kali pakati pa dzinako kadula chiganizo. Khomo lomwelo ndi limene akuba amalowera pa SQL injection, kulemba malamulo awo a SQL m'malo olembamo dzina. Phunzirani parameterised queries lero lomwe, njira yotumizira dzinalo padera osalilumikiza m'chiganizo cha SQL. Mapasiwedi musawasunge momwe alili, adutsitseni mu bcrypt, chida chowasandutsa zilembo zosawerengeka. Ndipo fayilo ya .env, mmene muli makiyi achinsinsi, iikeni mu .gitignore, mndandanda wa mafayilo amene Git isawatenge, musanatumize kanthu ku GitHub, webusayiti yosungirako ndi kuonetserako mapulogalamu. Ikapita, kuifufuta sikuthandiza chifukwa imatsala m'mbiri ya Git. Sinthani makiyiwo basi.

Zinthu zimenezi palibe satifiketi imene ingakulowetseni m'mutu. Mumazidziwa pulogalamu itakukanikani usiku, mwawerenga uthenga wa error mpaka pansi, osangoutseka ndi mantha.

Nkhani imene imandipweteka mtima ndi ya wophunzira amene wamaliza digiri yake bwinobwino, makolo anagulitsa fodya ndi mbuzi kuti alipire fizi, koma pulojekiti ya chaka chomaliza anachita kugula kwa mnzake. Pa intavyu amutsegulira pulojekiti yake yomweyo n'kumuuza kuti awonjezere malo olembapo tsiku lobadwa. Ntchito ya mphindi khumi. Iye thukuta kamukamu, sakudziwa ngakhale fayilo yoti atsegule. Si wopusa ayi, ananamizidwa kuti pepala ndiye ntchito. Masiku ano matenda omwewo abwera ndi ChatGPT: kufunsa, kukopera, kumata. Ifunseni kuti ikufotokozereni error, palibe cholakwa. Koma mzere umene simungaufotokoze ndi pakamwa panu musauike mu pulogalamu yanu, chifukwa nthawi zina imapeka function imene kulibe, ndipo tsiku limene zidzasokonekere kasitomala adzaimbira inu.

Musandimve molakwa. Digiri ya ku MUBAS, UNIMA, MUST kapena Mzuni ili ndi ntchito, ndipo boma ndi mabanki kawirikawiri amaifuna musanalowe n'komwe pakhomo. Koma ilipo kapena palibe, wolemba ntchito wanzeru adzafuna kuona chimene munapanga.

Tsono chenjerani ndi a zitsamba a ntchito ino. Amene akulonjeza kuti m'masabata anayi mukhala katswiri wolandira madola, mufunseni akuonetseni GitHub yake ndi pulogalamu imodzi imene anthu akuigwiritsa ntchito. Akayamba kukuonetsani zithunzi za galimoto, nyamukani. Ntchito ya kunja imene ikufuna mulipire kaye ndalama yolembetsera pa Mpamba kapena Airtel Money si ntchito. Winanso amakuuzani kuti mumubwereke akaunti yanu, kapena mulandire ndalama m'dzina lanu n'kuzitumiza kwina. Mlandu ukadzabuka, dzina lolembedwa ndi lanu. Maphunziro abwino alipo aulere: CS50 ya ku Harvard, freeCodeCamp, The Odin Project. Sankhani amodzi, muwamalize, osadumphadumpha.

Ndipo musadikire kuti mudziwe zonse musanafunsire ntchito, tsiku limenelo silifika. Ola limodzi kapena awiri tsiku lililonse amaposa kudzipanikiza Loweruka lonse kamodzi pa mwezi. Mukakhala ndi mapulojekiti awiri kapena atatu oyenda, ikani pa GitHub, iliyonse ndi README yonena vuto limene ikuthetsa ndi mmene munthu angaiyendetsere pa makina ake. Pa CV ikani linki yake pamwamba. Kenako perekani pulogalamu ya banki mkhonde ija kwa mlembi wa gulu aigwiritse ntchito mwezi wathunthu, inu muzilemba chilichonse chimene wadandaula n'kumakonza chimodzichimodzi.