Greenhouse kapena polytunnel: yambani mwadziwa chimene chikupha mbewu zanu

Munthu akaganiza zomanga nyumba yolimiramo ndiwo zamasamba pakhomo, funso limene amathamangira nalo kwa ife alangizi ndi lakuti agule yagalasi kapena yapulasitiki. Ine ndimayamba ndamufunsa kuti chimene chikumuphera mbewu panja n'chiyani. Pali amene matimati awo amapsa ndi chisanu usiku. Pali amene amalima bwinobwino mpaka mvula itayamba, kenako chiwawu n'kusesa dimba lonse m'masabata ochepa. Ena nkhondo yawo ndi ya ntchentche zoyera, ena ndi dzuwa lowotcha basi. Anthu amenewa safunika nyumba yofanana, ndipo amene wagula asanayankhe funsoli kawirikawiri amapeza kuti wamanga ng'anjo yowotcheramo mbewu zake.

Greenhouse ndi kanyumba ka mafelemu a aluminiyamu kapena matabwa, kokutidwa ndi magalasi kapena mapepala a pulasitiki yolimba yolowetsa kuwala yotchedwa polycarbonate. Polytunnel ndi mapaipi achitsulo opindidwa ngati uta, ondandalikidwa mumzere, ndipo pamwamba pake amakunga pepala lapulasitiki. Galasi limalowetsa kuwala pafupifupi 90 peresenti, silikalamba ndi dzuwa, ndipo limatha zaka makumi angapo. Koma ndi lolemera, limafuna maziko osalala bwino, ndipo matalala kapena mpira wa ana ukaligunda, ntchito yagwa. Pakhomo pamene pali ana, galasi likhale lolimbitsidwa lija limene likasweka limanyenyeka osasiya zibenthu zakuthwa. Polycarbonate ya makoma awiri, yokhuthala mamilimita 4 mpaka 10, imasunga kutentha kuposa galasi chifukwa cha mpweya wotsekeredwa pakati, ngakhale imachepetsako kuwala kufika cha m'ma 80 peresenti. Nyumba zoterezi zimabweza ndalama zake kumadera ozizira kwambiri, kumene munthu akufuna kufesa mbande nyengo yachisanu isanathe kapena kuikamo chotenthetsera. Kwa ambiri amene akungofuna matimati, tsabola, nkhaka ndi letesi za pakhomo, polytunnel imakwana, ndipo pa ndalama zomwezo imapereka malo aakulu kangapo.

Osanyengedwa kuti pulasitiki imathetsa chisanu. Tunnel yopanda chotenthetsera imakhala yofunda masana, koma usiku wopanda mitambo kutentha kumathawa msanga ndipo m'bandakucha kusiyana kwa mkati ndi kunja kumangokhala madigiri ochepa, mwina osasiyana n'komwe. Usiku woterowo mbewu zimafunabe kuzifunditsa kansalu kopepuka mkati momwemo.

Vuto limene limawononga mbewu zambiri m'nyumba zimenezi ndi kutentha. Tunnel yotseka zitseko dzuwa likuswa mtengo imatha kupitirira madigiri 45 mosavuta. Matimati amakula bwino pakati pa madigiri 20 ndi 27. Kutentha kukamapitirira 32 masiku otsatizana, mungu umawonongeka, maluwa amayoyoka, ndipo mlimi amadabwa kuona mtengo wobiriwira bwino, wamtali, koma wopanda chipatso. Ambiri apa amathamangira feteleza, pamene chosowa ndi mpweya. Letesi naye akatenthedwa amathamangira kutulutsa maluwa ndipo masamba amawawa.

N'chifukwa chake pogula, maso anu akhale pa malo otseguka kuposa pa chofundacho. Mawindo ndi mipata yonse ikaphatikizidwa ikwane pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kukula kwa pansi. Ngati pansi ndi mamita 3 m'lifupi ndi 6 m'litali, kutanthauza masikweya mita 18, malo otseguka asachepere masikweya mita atatu ndi theka. Timagreenhouse tambiri ta m'masitolo timabwera ndi kawindo kamodzi padenga, kamene sikafika ngakhale theka la muyezo umenewu. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba, choncho mpata wa padenga umagwira ntchito kwambiri ukakhala ndi wina m'munsi wolowetsa mpweya wozizira. Pa tunnel, zitseko zikhale mbali zonse ziwiri, zazikulu. Ikatalika kupitirira mamita 8 kapena 10, zitseko zokha sizikwanira chifukwa pakati pamakhala pofunda osapita mphepo. Pamenepo sankhani yokhala ndi m'mbali mopindira m'mwamba. Kumadera otentha ine ndimalangiza denga lapulasitiki lotchinga mvula ndipo m'mbali monse neti yokha. Chiwawu chimafuna masamba onyowa kwa maola angapo kuti chilowe, choncho denga lokha lachotsa kale gawo lalikulu la vutolo. Kumene mdani ndi dzuwa basi, neti ya mthunzi ya 30 mpaka 50 peresenti pa mitengo inayi imachita zonse, ndipo pulasitiki n'kungotaya ndalama.

Neti yotchinga tizilombo ili ndi nkhani yake. Kuti ntchentche zoyera zisadutse pamafunika neti ya timabowo ting'onoting'ono, imene amalonda amaitcha 50 mesh, ndipo neti yotere imatsekerezanso mphepo kwambiri. Mukaika neti, kulitsani malo otseguka. Komanso neti ilibe phindu ngati chitseko chimasiyidwa chapululu kapena ngati mbande mwazitenga kwina zili kale ndi tizilombo. Kachilombo kakangolowa mkati kamaswana msanga kuposa panja, poti mulibe mvula yokakokolola ndipo adani ake atsala kunja. Akangaude ofiira, tizilombo ting'onoting'ono toyamwa masamba, ndiye amakondwa zedi ndi malo otentha ndi ouma.

Msinkhu wa nyumba nawo umathandiza pa kutentha. Kanyumba kakang'ono, kafupi, kamatentha msanga n'kuziziranso msanga chifukwa mpweya ulimo ndi wochepa. Pakati pafike mamita awiri ndi theka kapena kuposa, makamaka ngati mukufuna matimati oyanga pa chingwe. Onaninso m'mbali: mapaipi opindika kuyambira pansi penipeni amakulandani malo, poti m'mphepete simungadzalemo mbewu zazitali ngakhale kuimirira. Amene amayamba choongoka mita imodzi asanapindike ndi abwino. Ndipo pafupifupi aliyense amene ndamuona atagula kakang'ono amadandaula chaka chisanathe kuti malo achepa.

Pepala lapulasitiki si lililonse. Lija limene amisiri amayala pansi pa simenti kapena kufolera katundu limafumbutuka ndi dzuwa miyezi ingapo. Funsani la greenhouse, lothiridwa mankhwala oteteza ku cheza cha dzuwa chotchedwa UV, lokhuthala ma micron 150 mpaka 200 (mamilimita 0.15 mpaka 0.2). Limeneli limatha zaka zitatu mpaka zisanu, malingana ndi ukali wa dzuwa kwanuko. Lilipo lina losadontha, limene nthunzi ikagwira imatsetsereka m'mbali m'malo modonthera pa masamba, ndipo limachepetsa nkhungu yotuwa imene imaoletsa maluwa ndi zipatso. Lotere lili ndi mbali yoyang'ana mkati, choncho werengani zolembedwa musanakunge. Pepala limayamba kung'ambika pamene lakhudzana ndi chitsulo chotentha, n'chifukwa chake pa mapaipi amamatapo tepi yofewa. Kungani tsiku lofunda, lopanda mphepo, kuti pulasitiki itamuke ndipo ikazizira ikhale thi. Pepala lolendewera limakupiza usiku wonse mpaka kuduka.

Mphepo ndi imene imagwetsa nyumba zotchipa. Mapaipi akhale okutidwa ndi zinki kuti asachite dzimbiri, otalikirana osapitirira mita imodzi ndi theka, ndi zogwiriziza zopingasa kumapeto. Timapaipi towonda tolowetsana m'zolumikizira zapulasitiki sitipirira namondwe. Miyendo izikike ndi kumangidwa pansi, ndipo m'mphepete mwa pepala mukwiriridwe m'ngalande yakuya masentimita 30 kapena mukhomeredwe pa thabwa lozungulira m'munsi. Amene akumanga okha ndi mitengo kapena nsungwi aziteteze ku chiswe ndi kusalaza mfundo zonse zimene zingaboole pepala. Malo akhale opeza dzuwa maola asanu ndi limodzi kapena kuposa, kutali ndi mitengo yogwetsa nthambi, osati pa chidikha pamene madzi amadikha. Kumayiko akutali ndi equator, mzere wogawa dziko lapansi pakati, amakonda kuloza nyumba kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo kuti ilandire dzuwa la nyengo yozizira. Kufupi ndi equator zimenezo n'zazing'ono poyerekeza ndi kumene mphepo imachokera.

Denga likangoikidwa, ntchito zina zimene chilengedwe chimakugwirirani zimagwera inu. Mkati simugwa mvula, ndipo mtengo umodzi wa matimati wobereka umamwa lita imodzi kapena awiri pa tsiku lotentha. Mpopi kapena thanki ikhale pafupi, ndipo mapaipi odontheza madzi patsinde ndi abwino kuposa kuwaza pa masamba. Denga lomwelo lingakupatseni madzi: mvula ya mamilimita 10 pa masikweya mita 18 ndi malita 180, ngati mwakonza pokololera. Njuchi ndi mphepo sizifikanso, choncho gwedezani zingwe za matimati chakum'mawa mame atauma kuti mungu ugwe, ndipo nkhaka sankhani mitundu yobereka popanda mungu.

Nthaka ndi imene anthu amaiwala. Poti nyumba ili pamalo amodzi, amadzala matimati pamwamba pa matimati chaka ndi chaka, ndipo tinyongolotsi totupitsa mizu ndi matenda ofotetsa zimachulukana. Tsabola ndi mabiringanya sizithandiza pa kasinthasintha chifukwa ndi banja limodzi ndi matimati. Sinthani ndi mbewu za banja lina monga anyezi. Mchere wa feteleza nawo umaunjikana pamwamba poti palibe mvula youtsitsa, ndipo umaoneka ngati kafumbi koyera. Apa tunnel imaposa greenhouse ya maziko a simenti: nthawi yosintha pepala ikakwana mungaizule n'kuisunthira pa nthaka yatsopano, kapena kuisiya yosafolera nyengo imodzi ya mvula kuti nthaka itsukike. Ngati malo osunthira palibe, dzalani m'matumba kapena m'zidebe za malita 15 mpaka 20 pa mtengo uliwonse wa matimati, ndipo dothi lake muzisintha mukatha kukolola.