Makolo athu sanayambe ndi nsima ya chimanga

Ndatopa nazo ndithu. Ndimaphunzitsa histole, ndipo chaka chilichonse ndimamva zomwezomwezo, kwa ana ngakhale kwa akuluakulu ophunzira bwino, ati nsima ya chimanga ndi chakudya cha Achewa chiyambire. Ayi abale. Chimanga kwawo ndi ku Mexico, kuno ku Africa chinabwera ndi zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500, Columbus atawoloka kale nyanja mu 1492. Chinangwa, mbatata, mtedza, tomato, tsabola, ngakhale fodya tikumudalirayu, zonsezi nzochokera ku America.

Ndiye Amaravi oyamba aja ankadya chani? Mapira ndi mawere basi, ndiwo zake khobwe, nzama, nsomba ndi nyama yosaka. Mowa wa pamaliro ndi wothira nsembe za mvula chimera chake chinali chomwecho. Ndipo musawayese otsalira, ku Mankhamba kufupi ndi Mtakataka, likulu la Kalonga, ofukula zakale anapeza mikanda yagalasi, mapale a mbale za ku China, zamkuwa ndi minyanga ya njovu, kusonyeza kuti malonda ankafika mpaka kunyanja ya mchere. Chimanga chinalowa mwakachetechete, zoti chilande minda yonse ndi za dzana lomweli, m'ma 1900.

Koma chimene chimandiwawa mpaka pano ndi gogo wina wa m'mudzi wa mwana wasukulu wanga. Kukhitchini kwawo anali atapachika ngala za mapira pamwamba pa mafuwa, zakuda bii ndi mwaye, kuti utsi uziziteteza kwa anankafumbwe, ndipo mtundu uliwonse ankautchula dzina lake, uwu wocha msanga, uwu wa thobwa, uwu mbalame siziukonda, kuphatikizapo nyimbo zoimba poingitsa mbalame kumunda. Ndinawachonderera adzukulu kuti awajambule mawu pafoni, foni anali nayo, ankangoti tikakolola, tikakolola. Gogo anamwalira dzinja lomwelo. Mbewu ija anathira nkhuku posesa m'nyumba maliro atatha. Zimene ankadziwa gogoyo simungazipeze mu laibulale iliyonse.

Nde ngati agogo anu alipo, pitani weekend ino, osadikira tchuthi. Afunseni zomwe amayi awo ankalima, ankapuntha bwanji, ankasunga pati.

Chinanso, chenjerani ndi akatswiri odzipanga okha a pa WhatsApp ndi TikTok, amene amalankhula molimba mtima za komwe mitundu inachokera koma mukawafunsa kuti umboni anaufukula kuti, kapena anawauza ndi mfumu iti, amakuchotsani pagulu. Ndipo mukapeza mikanda kapena mapale polima, musagulitse kwa anthu oyendayenda aja, komanso musapitirize kukumba, chifukwa chinthu chikachoka pamalo pake zaka zake zimavuta kuzidziwa. Kwiriranipo, ikani chizindikiro, muuze amfumu ndi a ku museum tsiku lomwelo.