Zisudzo ndi kwaya sizilepheretsa mwana mayeso

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anthu akunena kuti mwana akalowa gulu la zisudzo kapena kwaya kusukulu, basi mayeso walephera. Ndatopa nazo. Kumbukirani mmene munaphunzirira a e i o u ndi masiku a pa sabata mu Sitandade 1: munkayimba. Wochita sewero amaloweza mawu ambiri, amawerenga mokweza, amazolowera kuyankhula pagulu osanjenjemera. Kupulayimale, Expressive Arts (nyimbo, magule, zisudzo ndi zaluso zina) ndi phunziro lenileni lokhala ndi nthawi yake. Vuto limabwera kukonzekera zisudzo kapena nyimbo kukamadya nthawi yowerenga, ndipo zimenezo zimakonzeka. Ngati mukukayika, funsani aphunzitsi a mwanayo, yerekezani malipoti a matemu awiri, kapena kaonereni tsiku lina pamene gululo likukonzekera. Musanatero, chonde musauze makolo anzanu kuti atulutse ana awo m'kwaya.