Ndere ya m'nyanja pa mkangano wa nyukiliyasi

Robert Brown, katswiri wa zomera wa ku Scotland, ankapima maluwa a orchid pa maikulosikopu n'kumaona kadontho kobulungira m'selo iliyonse (maselo ndi tizigawo tating'onoting'ono timene timapanga thupi la chamoyo). Mu 1831 anakafotokoza zimenezi ku Linnean Society, bungwe la akatswiri a zamoyo, mumzinda wa London, ndipo dzina lakuti nyukiliyasi linakhazikika kuchokera kwa iye. Koma ntchito ya kadonthoko sanaidziwe. Mu 1869 wofufuza wina, Friedrich Miescher, ali ku Tübingen m'dziko la Germany, ankatola mabandeji a mafinya kuchipatala, ndipo m'manyukiliyasi a maselo a m'mafinyamo anapezamo chinthu chimene lero timati DNA, chomwe chimasunga malangizo a chibadwa cha chamoyo.

Mkangano unakula pa funso limodzi: chimene chimalamula maonekedwe a chamoyo chili kuti? Ena ankati chili mu nyukiliyasi. Ena, makamaka ofufuza kakulidwe ka mazira, ankaloza saitopulazimu, madzi olimbirako amene amadzaza selo yonse.

Amene amandigwira mtima pa mbiri imeneyi ndi Joachim Hämmerling wa ku Germany, m'zaka za m'ma 1930. Iye anasankha ndere ya m'nyanja yotchedwa Acetabularia. Ndereyi ndi selo imodzi yokha, koma imatalika masentimita angapo, moti munthu amatha kuidula ndi lumo. Ili ndi phazi, tsinde ndi kachisoti pamwamba ngati bowa, ndipo nyukiliyasi yake imakhala kuphazi. Pa mitundu ya ndereyi, wa mediterranea uli ndi kachisoti kosalala, pomwe ka crenulata n'kogawikagawika.

Hämmerling anamezanitsa tsinde la mtundu wina pa phazi la mtundu unzake. Kachisoti koyamba kumera kanali kosakanikira. Atakadula, kotsatira kanatengera mtundu wa phazi, kumene kunali nyukiliyasi. Apa a mbali ya nyukiliyasi anapeza umboni wooneka ndi maso.

Komabe ndimaona kuti a mbali inayo sankalota ayi. Tsinde lopanda nyukiliyasi linkatha kumeretsa kachisoti, chizindikiro choti m'saitopulazimu munali mutasungidwa kale malangizo ochokera kuphazi. Patapita zaka zinadziwika kuti malangizowo ndi RNA, chinthu chofananako ndi DNA. DNA imakhala motchingidwa ndi zikopa ziwiri za nyukiliyasi, ndipo RNA imakopera uthenga wake n'kutulukira m'timabowo ta zikopazo kupita ku maraibosomu, kumene mapuloteni amapangidwa.