Siliva pa chilonda: mafunso ndi mayankho

Kodi mabandeji a siliva n'chiyani?

Ndi nsalu zomangira chilonda zokutidwa ndi tizidutswa ta siliva tosaposa mananomita 100, pomwe tsitsi limodzi kunenepa kwake ndi mananomita pafupifupi 80,000. Nsaluyo ikanyowa, siliva amatuluka pang'onopang'ono n'kumapha mabakiteriya. Mabandeji ena amawalukira pamodzi ndi chitosan, wochokera ku zigoba za nkhanu, kapena alginate wa ndere za m'nyanja yamchere, yemwe amayamwa mafinya.

Amamangidwa bwanji?

Tsukani chilonda kaye. Ngati ndi bandeji ya siliva yotchedwa Acticoat, inyowetseni ndi madzi oyera a m'botolo la kuchipatala, osati saline, madzi a mchere aja. Mchere umagwirana ndi siliva n'kumulanda mphamvu, ndipo apa m'posavuta kuphonya, poti botolo la saline ndi limene limakhala pafupi pa trole. Mbali ya buluu igone pachilondapo, pamwamba pabwere gozi wonyowa. Ikauma imamatirira, siliva n'kuleka kutuluka. Imasinthidwa pakatha masiku 3, koma Acticoat 7 pakatha masiku 7.

Mpaka liti?

Masabata awiri, kenako adokotala aone. Mafinya ndi fungo zikatha, siliva achoke, chifukwa amavulazanso khungu latsopano lomwe likumera. Wokajambulidwa ndi makina ounika m'thupi a MRI avule bandejiyo.

Nanga kirimu woyera uja wa amene apsa ndi moto?

Ameneyo ndi silver sulfadiazine wa 1%, wopaka tsiku ndi tsiku. Sayenera khanda losakwana miyezi iwiri, mayi woyembekezera amene watsala pang'ono kuchira, kapena amene sayanjana ndi mankhwala a sulfa. Mwana akapsa ndi phala kapena mbaula, chonde musathire dzira kapena kolugeti. Thirani madzi ozizira kwa mphindi 20, n'kuthamangira naye kuchipatala.

Kodi madzi a siliva akumwa amachiza khansa?

Ayi ndithu. Siliva womwedwa amaunjikana m'thupi, khungu n'kusanduka lotuwa ngati phulusa, osabwereranso. Malinga ndi lamulo la 2019, mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno ayenera kulembetsedwa ku bungwe loona za mankhwala la PMRA, choncho funsani wogulitsayo.

Mankhwala a khansa a tizidutswa tating'ono chotere, koma osati ta siliva, alipodi, koma amadzera m'diripi kuchipatala. Doxil anavomerezedwa ku America mu 1995 pa khansa ya Kaposi, yofala kuno kwathu, ndipo Abraxane, wokutidwa ndi puloteni ya albumin, anabwera mu 2005 pa khansa ya m'mawere. Tizidutswa ta golide totentha chotupa takadali pa kafukufuku.